Jeke ndi masitandi: zoyenera kugula ngati galimoto yanu imayenda m'chigwa cha Shire

Galimoto yotsika ndi kukwera phiri la pakati pa Blantyre ndi Thabwa kawirikawiri imadya mabuleki msanga. Yoyenda m'misewu yafumbi ya ku Chapananga kapena kutsidya kwa Shire imaphulitsa matayala, imamaliza mabushi ndi mashoko. Kukonza zonsezi kumayamba ndi kukweza galimoto m'mwamba, ndipo apa ndi pomwe anthu amavulala kwambiri: miyendo kuthyoka, chifuwa kupsinjika, ena kutaya moyo kumene. Zida zokwezera ndi zamitundu ingapo, ndipo yomwe ili yabwino pasimenti ya galaja ku Limbe ikhoza kukhala yoopsa pamchenga wa ku Nsanje kapena pamakande a ku Ngabu.

Choyamba kumvetsa ndi ichi: ntchito ya jeke ndi kukweza, kugwira ndi ntchito ya masitandi, zitsulo zamiyendo zomwe galimoto imakhazikidwapo ikakwezedwa. Mu jeke ya mafuta, kulemera konse kwa galimoto kumatsamira pa mafuta, pa karabala kamodzi kotsekera mafutawo, ndi pa kampira kachitsulo kakang'ono ngati njere ya nandolo. Kamchenga kamodzi kakalowa pomwe kampirako kamakhala, kapena rabala ikang'ambika, galimoto imatsika. Nthawi zina imatsika pang'onopang'ono, nthawi zina kamodzin'kamodzi. Sitandi ilibe mafuta kapena rabala, ndi chitsulo chokhazikika pa chitsulo. Nchifukwa chake munthu amene ndalama zamuchepera ayambe wagula masitandi awiri, n'kumagwiritsabe ntchito jeke yomwe ali nayo kale.

Yambani ndi kulemera kwa galimoto

Toyota Vitz imalemera pafupifupi makilogalamu 1,000 ikakhala yopanda katundu. Probox imaposa pamenepo pang'ono, Sienta ili pakati pa 1,200 ndi 1,400, pomwe Hilux ya zitseko zinayi ndi minibasi ya Hiace zimayandikira 2,000. Kulemera kwenikweni kwa yanu mukupeza m'buku lake kapena pa mapepala a galimoto. Simukweza galimoto yonse nthawi imodzi, koma mbali ya injini ndi yolemera: pa galimoto yokoka ndi matayala akutsogolo, pafupifupi magawo 6 mwa 10 a kulemera konse amakhala kutsogolo. Muyeso wosavuta ndi wakuti jeke ikhale yotha kunyamula magawo atatu mwa anayi a kulemera kwa galimoto yonse, kapena kuposerapo. Kwa Vitz, Passo, Probox ndi Sienta, jeke ya matani 2 ikukwana. Kwa Hilux ndi Hiace tengani ya matani 3 kapena kuposa. Canter kapena Dyna imafuna jeke ya botolo ya matani 6 kupita m'mwamba.

Manambala amenewa ndi a galimoto yopanda katundu. Matumba 20 a chimanga kapena mapira a makilogalamu 50 ndi tani yathunthu, ndipo kulemera kwake kochuluka kumatsamira pa matayala akumbuyo. Ngati n'kotheka tsitsani katundu, ndipo anthu onse atsike m'minibasi musanayambe kupopa. Munthu mmodzi akasuntha pampando galimoto ili pa jeke, ndi zokwanira kuigwetsa.

Jeke ya sizasi

Iyi ndi ija imabwera ndi galimoto zing'onozing'ono, yopukusa ndi kachitsulo. Ubwino wake ndi woti ndi yopepuka, siitaya mafuta, ndipo imalowa pansi pa galimoto ngakhale tayala litaphweratu, chifukwa ikapindidwa imakhala pafupifupi masentimita 10 okha. Mutu wake uli ndi mpata wolowa bwino pa mzere wachitsulo wa m'munsi mwa zitseko. Koma inapangidwira galimoto imodzi yokhayo ndi ntchito imodzi yokha, yosintha tayala pamalo olimba. Phazi lake ndi laling'ono, ndipo ikakwera kwambiri imagwedera cham'mbali. Mazinga ake akauma n'kudzaza mchenga amadyeka, ndipo tsiku lina amapulumuka galimoto ili m'mwamba. Muziwapukuta ndi kupaka girisi pang'ono. Jeke ya Passo musaiyike pansi pa Hiace ngakhale ikuoneka ngati ikukwanitsa. Ngati mwangogula galimoto yochokera ku Japan, tsegulani kumbuyo muone: zambiri zatsopanoko zimabwera zopanda sipeya, zinanso zopanda jeke, zili ndi kabotolo komatira tayala ndi kapampu basi. Ndi bwino kudziwa zimenezi muli pakhomo kusiyana ndi kuzizindikira usiku pakati pa Ngabu ndi Bangula.

Jeke ya botolo

Kwa eni ake a Hilux, Land Cruiser, minibasi ndi malole, iyi ndiye yoyenda nayo. Ndi yaing'ono koma yamphamvu, mtengo wake ndi wotsikirapo poyerekeza ndi matani omwe imanyamula, ndipo imakweza molunjika m'mwamba popanda kufuna kuyenda. Mfundo yomalizayi ndi yomwe imaipangitsa kukhala yoyenera padothi, bola ikhale pa thabwa lochindikala.

Zofooka zake zilipo zitatu. Choyamba, ndi yaitali ikakhala yotsitsa. Ya matani 2 imayambira pa masentimita 16 mpaka 18, zazikulu zimaposa 20. Pansi pa Vitz kapena Sienta siilowa, ndipo ngakhale pa Hilux, tayala likaphwa galimoto imatsika mpaka jeke n'kulephera kulowa pansi pa ekiselo, chitsulo cholumikiza matayala awiri. Njira yake ndi kukweza tayala lophwalo pa thabwa poyendetsa galimoto pang'ono, kuti mpata upezeke. Anthu ena amakumba kadzenje koikamo jeke. Pamchenga zimenezi zimasiya jeke itakhala pa dothi lofewa kwambiri, choncho thabwa lipite pansi pake ndithu.

Chachiwiri, imakwera pang'ono, masentimita 11 mpaka 15 pa zambiri, kuonjezapo kamutu kopukusa. Mukaiyika pa chasisi, masipuling'i amayamba atambasuka kaye, jeke n'kuthera tayala lisanachoke pansi. Pa matayala akumbuyo a Hilux kapena Hiace iyikeni pansi pa ekiselo, pafupi ndi pomwe masipuling'i amangidwa, pamalo pomwe buku la galimoto likuonetsa. Chachitatu, mutu wake ndi waung'ono ngati ndalama yachitsulo. Pa chitsulo chozungulira kapena chamafuta umaterereka, ndipo pa bodi ya galimoto yaing'ono umaboola. Musaunjike timiyala kapena tizitsulo pamwamba pa mutuwo pofuna kuonjezera utali. Choonjezera chilichonse chipite pansi pa jeke, ndipo chikhale chachikulu kuposa phazi lake. Poisunga m'galimoto iimirire, itamangidwa, chifukwa ikagona nthawi yaitali imadontha mafuta kapena kulowa mpweya.

Jeke ya matayala

Imeneyi, yomwe m'masitolo amalemba kuti trolley jack, ndi yomwe anthu ambiri amailakalaka, ndipo pasimenti palibe ina yoiposa. Imalowa pansi pa galimoto zazifupi, mbale yake ndi yotakata, ndipo ndi mpini wautali munthu amapopa ali kunja kwa galimoto. Zilipo zamitundu iwiri zomwe muyenera kusiyanitsa. Yaing'ono ya matani 2, ija imabwera m'kachikwama ka pulasitiki, imayambira pa masentimita 13 kapena 14 n'kufika pa 33 mpaka 38. Ndi yopapatiza ndipo ndi yoyenera galimoto zing'onozing'ono zokha. Siingafike bwino pa Hilux. Yaikulu ya matani 3 imafika masentimita 46 mpaka 50, ndi yotakata, ndipo imalemera makilogalamu 30 kapena kuposa. Kulemera kumeneko ndi chizindikiro chabwino pogula. Mukapeza yolembedwa matani 3 koma yonyamulika ndi dzanja limodzi, ikayikireni.

Apa ndi pomwe dothi la kuchigwa limasintha nkhani. Mkono wa jeke imeneyi sukwera molunjika, umazungulira ngati dzanja la munthu wonyamula khasu. Pamene mbale ikukwera, imabwereranso cham'mbuyo, ndipo kuti ikhalebe pamalo pomwe mwaiyika, jeke yonse iyenera kuyenda pa timatayala take kulowera pansi pa galimoto. Pasimenti yosalala zimenezi zimachitika zokha. Pamchenga, pamiyala kapena m'ming'alu ya makande, timatayalato timatitimira, jeke siiyenda, ndiye m'malo mwake imakoka galimoto. Mbale imapulumuka, kapena ngati mbali ina ili kale pa masitandi, masitandiwo amapendekeka. Phula nalo si lodalirika: mu Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha kuno kumadutsa madigiri 40, timatayala tachitsulo timadinda m'phula n'kukanirira. Choncho ngati pakhomo panu kapena pagalaja panu mulibe simenti, mugule jeke imeneyi pokhapokha mutakonzanso poiyendetsa: chitsulo chafulati chochindikala mamilimita 5 kapena kuposa, kapena pulayiwudi wa mamilimita 18 wophatikiza awiri, wautali kuposa jekeyo. Kwa makaniko amene akukhazikika pa Nchalo kapena pa Dyeratu, ndalama yowakira simenti ya mamita 3 m'lifupi ndi 6 m'litali, yochindikala masentimita 10, ndi gawo la mtengo wa jeke.

Pogula, pemphani kuti muiyese. Kwezani galimoto, yezani utali ndi tepi, dikirani mphindi 10, yezaninso. Isatsike ngakhale pang'ono. Potsitsa, vavu itseguke mosalala kuti galimoto izitsika mwakufuna kwanu. Yang'anani ngati pali mafuta pa pisitoni, ndiponso ngati zowotcherera zake ndi zodzaza bwino.

Jeke yaitali ya Hi-Lift

Ija mumaiona itamangidwa pa Land Cruiser za m'mapulojekiti ndi za ku Majete kapena Lengwe. Ya mainchi 48, pafupifupi masentimita 122, imathandiza kwambiri kuvuula galimoto yotitimira m'matope. Imafuna bampala yachitsulo yolimba kapena malo opangidwira iyo, ndipo pa galimoto ya bampala ya pulasitiki ilibe pogwira. Siikhazikika konse, ndipo potsitsa mpini wake ukapulumuka m'manja umamenya nsagwada kapena mutu mwamphamvu. Si jeke yokonzera galimoto, ndipo munthu asalowetse ngakhale mkono pansi galimoto ili pa iyo.

Masitandi

Mitundu yogulitsidwa ndi iwiri. Ina ili ndi mano ndi kachitsulo kokola m'manomo. Ina ili ndi mabowo ndi pini yodutsa. Ya mano ndi yachangu ndipo imasinthika utali m'timagawo ting'onoting'ono. Ya pini imachedwetsa, ndipo mabowo ake ndi otalikirana, koma pini ikalowa mumaiona ndi maso kuti yalowa. Ya mano imadalira kuti manowo anapangidwa akuya mokwanira. Mu 2020 kampani ya Harbor Freight ya ku America inapempha ogula kuti abweze masitandi ake oposa 1.7 miliyoni a mtundu wa mano, a matani 3 ndi a matani 6, chifukwa kachitsulo kokola kankatha kupulumuka galimoto ikagwedezeka. Choncho mukafuna ya mano, sankhani yomwe ilinso ndi pini yachiwiri yotsekera. Musanalipire, kokani mutu wake m'mwamba, muone ngati kachitsuloko kakulowa mpaka pansi pa dzino lililonse, ndipo mugwedeze mutuwo kuti muone ngati sukulendewera kwambiri.

Werengani bwino chizindikiro cha matani. Pa masitandi ambiri, nambala yolembedwayo ndi ya awiri pamodzi, kutanthauza kuti olembedwa matani 3 ndi tani imodzi ndi theka iliyonse. Ena amalemba ya sitandi imodzi. Ngati sizikuoneka bwino, muwerengere kuti ndi ya awiri. Utali nawo ndi wofunika mofanana ndi matani. Masitandi a matani 2 kapena 3 amayambira pa masentimita 28 kufika pa 42 kapena 43, zomwe zikukwanira galimoto zing'onozing'ono. A matani 6 amayambira pa 39 kufika pa 60. Mwini Hilux kapena Hiace atenge a matani 6, osati chifukwa cha kulemera kokha: ndi aatali mokwanira kufika pa chasisi osasololedwa mpaka kumapeto, ndipo miyendo yake ndi yotambalala. Sitandi yosololedwa mpaka dzino lomaliza ndi yomwe imagwa msanga. Onetsetsaninso kuti jeke yanu ikutha kukweza galimoto kupitirira utali woyambira wa masitandiwo, apo ayi mugula zinthu zosagwirizana.

Tembenuzani sitandi muone kumapazi. Zambiri zimaima pa mphepete mwa chitsulo chopyapyala, chomwe padothi kapena paphula lotentha chimalowa ngati mpeni. Mwendo umodzi ukatitimira sentimita imodzi kapena ziwiri, sitandi yapendekeka kale. Zokhala ndi timbale pansi pa mwendo uliwonse ndi zabwinoko, koma kuno thabwa ndi lofunikabe: la mtengo wolimba, lochindikala masentimita 5, lotakata kuposa miyendo yonse, lopanda mng'alu kapena chiswe. Makande amanyenga kwambiri. M'chilimwe amaoneka olimba ngati mwala pamwamba pomwe pansi pali ming'alu, ndipo mvula ikangogwa amasanduka phala.

Nanga masitandi owotcherera kwa amisiri a pamsika? Alipo ena opangidwa bwino, koma palibe amene anawayesa kuti adziwe matani omwe anganyamule, ndipo maonekedwe a penti sanena za mkati mwa chowotchereracho. Ngati palibe kuchitira mwina, paipi yake ikhale yochindikala mamilimita 4 kapena kuposa, miyendo ilumikizidwe ndi zitsulo m'munsi kuti isatang'aze, ndipo pini ikhale bawuti yolimba ya mamilimita 16 yolembedwa 8.8 kumutu. Msomali, sikuludiraiva kapena chidutswa cha chitsulo chomangira nyumba si pini. Ngakhale zonsezi zitakwanira, agwiritsidwe pa galimoto zopepuka zokha, ndipo pakhale chogwirira chachiwiri.

Njerwa, miyala ndi zipika

Njerwa zootcha ndi mabuloko a simenti a mabowo ndiye zomwe zimapezeka pafupi, ndipo ndi zoipitsitsa pa zonse. Zimanyamula khoma chifukwa kulemera kumagawanika pa nkhope yonse. Chitsulo cha galimoto chimadinda pa malo amodzi aang'ono, ndipo njerwa imasweka mwadzidzidzi popanda kulira kapena kupindika kaye. Miyala yosanjikiza imagubuduka. Matabwa olimba ocheka bwino mbali zinayi, osanjidwa mopingasa awiriawiri, ndi okhawo angalowe m'malo mwa sitandi, chifukwa mtengo umayamba walira ndi kudindika usanagonje. Chipika choimika chilili chimang'ambika motsata mitsempha yake, choncho chizigona.

Pa ntchito yosafuna kuchotsa tayala, monga kusintha oyilo kapena kuona ekizozi, zokwerapo za matabwa osanjikiza ngati masitepe, zokhala ndi chotchingira kumapeto, zimaposa jeke chifukwa galimoto imakhalabe pa matayala ake. Dzenje la galaja nalonso ndi labwino, koma liwakidwe ndi njerwa m'mbali, popeza dothi lamchenga limagumuka, ndipo m'madera apafupi ndi mtsinje limadzaza madzi nthawi ya dzinja. Mpweya wa petulo ndi wolemera kuposa mpweya wamba, umatsikira m'dzenjemo n'kukhala, choncho moto ndi fodya zisayandikire.

Poika ndi pomwe pamalakwika zambiri

Galimoto zing'onozing'ono zilibe chasisi chapadera. Malo ake okwezera ali pa mzere wachitsulo wa m'munsi mwa zitseko, pakati pa timipata tiwiri, kumbuyo kwa tayala lakutsogolo ndi kutsogolo kwa tayala lakumbuyo. Mbale yachitsulo ya jeke ya matayala imapinda mzerewu, choncho ikani rabala yochindikala kapena kathabwa kolimba kocheka mpata. Gogodani kaye pamalopo. Galimoto zina zochokera kunja zimabwera ndi dzimbiri la mchere wa m'misewu ya chisanu, ndipo zomwe zinamira m'madzi osefukira, monga nthawi ya namondwe wa Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, zimasunga matope mkati mwa zitsulo zimenezi n'kumaola mosaoneka. Pakamveka mofewa kapena pakamagwa makoko a dzimbiri, sakani malo ena olimba pa sabufuremu, chitsulo cholimba cha pansi pomwe miyendo ya galimoto imamangidwa. Pa Hilux ndi malole, masitandi apite pa chasisi kapena pa ekiselo. Sampu (posungira oyilo pansi pa injini), giyabokosi, thanki ya mafuta, ekizozi ndi zitsulo za chiwongolero si malo okwezera.

Dongosolo lake ndi ili. Imikani pamalo athyathyathya. Mukaphulitsa tayala pa chitunda chotsikira ku Thabwa, ndi bwino kuyenda pang'onopang'ono mpaka pamalo abwino ngakhale tayalalo liwonongeke. Ikani matirayango kutsogolo ndi kumbuyo, patali ndithu, makamaka mumsewu wa M1 cha ku Nchalo komwe kumadutsa magalimoto akuluakulu omwe mphepo yake imagwedeza galimoto yokwezedwa. Kokani handibuleki, ikani giya yoyamba kapena P, kenako tchingani kutsogolo ndi kumbuyo kwa tayala lomwe likutsala pansi. Kutchinga kumeneku musakudumphe. Handibuleki imagwira matayala akumbuyo okha, ndipo pa Hilux kapena Hiace giya nayonso imagwira akumbuyo omwewo, ndiye mukakweza kumbuyo palibenso chogwira galimoto kupatula zotchingira zanu. Masulani manati pang'ono tayala lili pansi, chifukwa kukankha wilosipana mwamphamvu galimoto ili m'mwamba kumaigwetsa. Kwezani, lowetsani sitandi mutagwira m'mbali mwake popanda kulowetsa mutu, tsitsani pang'onopang'ono mpaka kulemera konse kukhale pa sitandi, ndipo jeke muisiye itangokhudza ngati chogwirira chachiwiri. Masitandi awiri akhale pa utali wofanana. Kenako gwirani galimoto muigwedeze ndi mphamvu. Ikasuntha, yambiraninso. Tayala lomwe mwachotsa ligonekeni pansi pa galimoto, pafupi ndi pomwe mukugwira ntchito. Pomaliza, mangani manati mopingasa tayala litatsika pansi. Galimoto zing'onozing'ono zambiri za Toyota zimafuna 103 Nm (Nm ndi muyeso wa mphamvu yomangira manati), choncho kupondera wilosipana ndi mwendo kumangotambasula mabawuti omwe manatiwo amamangidwapo.

Kusamala jeke ya mafuta

Fumbi ndi lomwe limapha majeke kuno. Mukamaliza ntchito pukutani pisitoni musanaitsitse, ndipo muisunge itatsikiratu kuti isachite dzimbiri. Ikamakwera modukizadukiza kapena ikamalephera kufika pamwamba, mafuta achepa kapena mwalowa mpweya. Itsitseni, chotsani kachitsekero ka rabala, thirani mafuta mpaka pakamwa pa bowolo jeke ili chilili, tsegulani vavu, popani maulendo 10 kapena kuposa kuti mpweya utuluke, kenako tsekani. Mafuta ake ndi a hayidiroliki opyapyala, olembedwa ISO 32 pa majeke ambiri. Mafuta a mabuleki amatupitsa ndi kuononga marabala ake, ndipo oyilo wakuda wochoka mu injini amabweretsa tinyenyeswa tomwe timalepheretsa kampira kaja kutseka. Pa majeke a matayala pali kasikulu kena kotsekedwa ndi kachivindikiro, komwe kamaletsa jeke kunyamula zoposa mphamvu yake. Musakakhudze. Jeke yomwe inamira m'madzi iyenera kukhuthulidwa mafuta onse ndi kuthiridwa atsopano, ndipo ngati pisitoni yadyeka ndi dzimbiri, rabala iliyonse yatsopano yomwe mungaikemo idzang'ambikanso posachedwa.

Kwa mwini Sienta kapena Probox wokonzera pabwalo lafumbi, zokwanira ndi jeke yake ya sizasi yosamalidwa bwino, masitandi awiri a matani 3, matabwa atatu ndi zotchingira matayala ziwiri. Jeke ya matayala ibwere simenti ikawakidwa. Wa Hilux kapena minibasi ayende ndi jeke ya botolo ya matani 4, thabwa lake ndi zotchingira, ndipo pakhomo asunge masitandi a matani 6. Galaja yolandira galimoto zosiyanasiyana imafunika jeke ya matayala ya matani 3, jeke ya botolo ya matani 10 kapena kuposa ya malole, ndi masitandi osachepera anayi pa mtundu uliwonse, kuti wophunzira ntchito asapezeke akusaka njerwa pamene masitandi onse ali pansi pa galimoto ina.